Kodi nkhani za kusintha kwa nyengo zikutikhudza chiyani ife amalonda a ku Mangochi?

FUNSO

Ndili ndi kanyumba kogona alendo m'mbali mwa nyanja, pamsewu wopita ku Monkey Bay, komanso ndimapikula chambo ndi usipa n'kumatumiza ku Limbe ndi ku Lilongwe. Anzathu ena amalonda akufuna tilembe kalata limodzi yopita kukhonsolo ndi kwa phungu wathu, yonena kuti tikugwirizana ndi ndondomeko zoteteza nyengo ndi zolimbikitsa magetsi a dzuwa. Ine mtima ukukana. Utsi woononga dziko akufukiza ndi mayiko olemera, ife kuno tilibe ndi fakitale yomwe. Malamulo amenewa ndimaona ngati amangotipweteka: makala aletsa, majumbo aletsa, kumanga kufupi ndi madzi aletsa. Nanga ine wamalonda ndilowererenji nkhani za mabungwe ndi andale?

Mayi wa ku Mangochi

YANKHO

Mayi, zikomo pofunsa mosabisa. Ndiyambire pomwe mwalondola. Utsi umene dziko la Malawi limatulutsa ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa mayiko a mafakitale, ndipo ngakhale Mangochi yense atasiya kuyatsa moto lero, dziko lapansi silingazizire. Munthu akabwera n'kukuuzani kuti sayinani kalatayo kuti mupulumutse dziko lonse, mukhoza kumuyamikira n'kupitiriza ntchito yanu. Ine chifukwa changa n'china, ndipo chili m'kope lanu lomwe mumalembamo zolowa ndi zotuluka.

Tatengani kopelo madzulo ano. Muwonkhetse ndalama ya dizilo kapena petulo amene munathira mu jenereta chaka chathachi. Muphatikizepo ayezi amene munagula mokwera mtengo tsiku lomwe filiji inali itazima, nsomba zomwe munagulitsa motaya chifukwa zinayamba kufewa, masiku omwe mnyamata wanu anaswera pamzere wa mafuta ntchito ili chiimire, ndi alendo amene anagona usiku umodzi n'kunyamuka chifukwa cha kutentha, fani isakuzungulira. Ndalama imene mupezeyo ndi msonkho. Mukuulipira kale, kungoti palibe amene amakupatsani lisiti.

Ndinakhalapo usiku wina pamalo a wamalonda wina wa nsomba kufupi ndi doko, mwezi wa November, kutentha koopsa. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Mwiniwakeyo ankati akatsegula filiji n'kudina chambo ndi chala, n'kutseka, kenaka n'kuyang'ana chigubu cha mafuta chomwe chinatsala pang'ono kutha. Ankawerengera mokweza mawu kuti ayatse jenereta maola awiri, azimitse atatu, mwina nsombazo zifika m'mawa. Pofika mbandakucha maso a chambo anali atayamba kuyera, ndipo anaitana amayi owamba nsomba kuti atenge pamtengo umene iwo anena. Munthu ameneyo sanalakwitse kalikonse pamalonda ake. Anagula nsomba zabwino, anali ndi msika, anali ndi galimoto yodikira. Chimene chinamugwetsa chinali kunja kwa mpanda wake, ndipo mfundo yanga yonse yagona pamenepo: pali zinthu zina zimene bizinesi yanu imadalira koma simungazigule panokha, ngakhale mutakhala ndi mpamba wochuluka bwanji.

Taganizirani kumene magetsi anu amachokera. Mukaima pa mlatho wa Bakili Muluzi pa boma n'kuyang'ana pansi, madzi amene mukuwaonawo ndiwo magetsi a dziko lino. Amatuluka m'nyanja ya Malawi, n'kulowa mu Malombe, n'kudutsa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, kenaka n'kukazunguza makina ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Gawo lalikulu la magetsi athu limapangidwa pamtsinje umodzi womwewu wa Shire. Mvula ikachepa zaka zotsatizana, monga zinachitikira cha m'ma 2016 ndi 2017, nyanja imatsika, makina sakhuta madzi, ndipo mukukumbukira momwe tinkakhalira tsiku lathunthu opanda magetsi mpaka dziko linachita kubwereka majenereta a dizilo okwera mtengo. Mvula ikachuluka, vuto ndi lomwelo. Mu January 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la ku Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130, omwe anali ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi onse a dziko lino, anatayika kwa nthawi yoposa chaka. Ndiye pali mchenga ndi matope okokoloka m'mapiri odulidwa mitengo, ndi namasupuni, zomwe zimatseka polowera madzi m'makina. Mbiri imatiuzanso kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'zaka za m'ma 1930 nyanja inatsika kwambiri moti Shire analeka kutuluka. Nthawi imeneyo kunalibe Nkula. Zitachitika lero, sindikudziwa wamalonda amene angapirire.

Mwina munena kuti, basi ndigula sola yanga ndithane nazo. Gulani ndithu, ndimalimbikitsa aliyense amene angakwanitse, ndipo dzuwa la ku Mangochi silichita kupemphedwa. Koma taonani kuti ngakhale pamenepa boma lili m'thumba mwanu. Mtengo wa mapanelo ndi mabatire umadalira msonkho umene amalipiritsa polowa m'dziko. Mu 2019 boma linachotsa VAT pa zipangizo za sola ndi pa gasi wophikira, ndipo chinthu chochotsedwa ndi bajeti imodzi chikhoza kubwezeretsedwa ndi bajeti ina ngati palibe amene akuchiyang'anira. Kuti batire limene mwagula ndi lenileni, osati lija lofa pakangotha miyezi isanu, zimadalira ngati a Malawi Bureau of Standards ali ndi mphamvu yoletsa katundu wachinyengo. Kuti mupeze ngongole yobweza pang'onopang'ono zaka zingapo, osati ya chiwongoladzanja chokutsamwitsani, zimadalira ndondomeko. Masana, alendo kulibe, mapanelo anu akupanga magetsi ongotayika. Kuti muwagulitse kapena kuwabweza mu nthambo n'kuchotseredwa pa bilu, pamafunika lamulo lomveka ndi mitengo yovomerezedwa ndi MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Komanso sola yanu siyendetsa chigayo cha m'mudzi momwe antchito anu amagayitsa, siyendetsa makina a ayezi omwe mumagulako, siyatsa nyali pachipatala.

Jenereta ndiye ndi bwenzi la tsiku limodzi. Dontho lililonse la dizilo limagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe dziko lino likusowa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo nthawi zonsezo mtengo wa chilichonse choyenda pamafuta unakwera. Dzuwa lokha ndilo silimva za dola.

Pali umboni woti ndondomeko imabala zipatso, ndipo mumaudutsa mukamapita ku Lilongwe kudzera ku Golomoti. Kale ntchito yonse ya magetsi inali m'manja mwa ESCOM yokha. Lamulo la magetsi litasinthidwa mu 2016, ntchito yopanga magetsi inapita kwa EGENCO mu 2017, ndipo khomo linatseguka kuti makampani oima paokha azipanga magetsi n'kumagulitsa. Zotsatira zake ndi munda wa mapanelo wa mamegawati 60 ku Salima, umene unayamba ntchito mu 2021, ndi wina wa mamegawati 20 ku Golomoti, wokhala ndi mabatire osungira, umene unatsegulidwa mu 2022. Tangoganizani kuti chaka chija Kapichira atagwa tikanakhala otani popanda minda imeneyi. Amene anaika ndalama zawo mmenemo sanabwere chifukwa chotimvera chisoni. Anabwera chifukwa lamulo linawatsimikizira kuti magetsi awo agulidwa. Mwini ndalama amaopa chinthu chimodzi kuposa zonse, kusadziwa kuti mawa malamulo adzakhala otani, ndipo inu mukudziwa zimenezi kuposa ine.

Tsopano tibwere pa nkhani yowawa, yomanga m'mbali mwa nyanja. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kupitirira mamita 476 pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo kuno ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo. Ndinaona ndi maso anga malo ena amene mchenga wonse wosewererapo alendo unamira, matumba a mchenga atawunjikidwa pakhonde, mafunde a mwera akumenya khoma la chipinda chodyera usiku wonse, mitengo ya mthunzi itaima m'madzi ngati bango. Antchito anauzidwa kuti abakhala kunyumba. Eni malo ambiri anafuula kuti atsegule zipata za ku Liwonde madzi apite. Ndinawamvetsa, ndipo ndikadakhala ine mwina ndikadafuula chimodzimodzi. Koma madzi otsegulidwa ku Liwonde sasowa mumlengalenga. Amakadutsa pa makina a magetsi omwe aja, n'kukathera m'minda ndi m'nyumba za anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Mlandu woterewu sungaweruzidwe ndi mwini loji mmodzi, kapena mlimi mmodzi wa kuchigwa. Umafuna lamulo lolembedwa madzi asanakwere, lomwe aliyense akulidziwa.

A National Water Resources Authority, bungwe la boma loyang'anira madzi, amanena kuti pansi pa mzere wa mamita 477 sipoyenera kumangapo. Mukuliona lamulo limeneli ngati lokulandani malo, koma akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Pamene nyanja inafikapo kale idzafikaponso, ndipo ndi mvula ya masiku ano yosadziwika mutu wake, idzafika kawirikawiri. Cholakwika chimene ine ndimachiona n'chakuti mzerewu uli m'mapepala, pansi suoneka. Munthu amagula malo kwa mwini wake mwachilungamo, n'kumanga pamchenga wouma m'zaka zimene nyanja yatsika, osadziwa kuti akumanga m'madzi. Apa ndiye pofunika mawu anu. Pemphani kuti akhome zizindikiro m'mbali mwa nyanja zoonetsa pomwe mzerewo ukudutsa, kuti mulingo wa nyanja uzilengezedwa pawailesi pafupipafupi m'Chichewa ndi m'Chiyao, kuti lamulo ligwire wamkulu ndi wamng'ono mofanana, ndi kuti amene anamanga kale apatsidwe njira yomveka, osati kungoopsezedwa. Kuteroko ndiye kuchirikiza ndondomeko kumene ndikunena.

Za nsomba ndinene mosapsatira. Sizonse zimene zavuta m'nyanja zili chifukwa cha nyengo. Chambo cha mu Malombe chinatha pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 makamaka chifukwa cha kupha mopyola muyeso ndi makoka okokolola udzu wa pansi pomwe nsomba zimaswerana. Koma phunziro lake ndi lomweli. Msodzi aliyense ankadziwa kuti zinthu zikuipa, ndipo aliyense ankati ndikasiya ine mnzanga akokolola zonse. Palibe amene akanasiya yekha. Chimodzimodzi inu lero: mukakana kugula kasawala wosakhwima kapena nsomba zophedwa nyanja itatsekedwa, woyandikana nanu agula n'kukugonjetsani pamsika. Lamulo logwira ntchito limateteza wamalonda woona mtima kuti asamalangidwe chifukwa cha kuona mtima kwake. Ndipo mitengo ikamatha ku Phirilongwe, ku Namizimu ndi m'mapiri ena otizungulira, dothi limatsikira m'mitsinje n'kukakwirira malo oswerana nsomba m'mbali mwa nyanja. Nkhuni zowambira nsomba zimachokera kutali chaka ndi chaka, mtengo wake n'kumalowa mu mtengo wa nsomba imene inu mumapikula.

Pa makala mpomwe ndikugwirizana nanu theka. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, zilango zinakwera, ndipo nkhalango zikufunikadi chitetezo. Koma mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Kulanda thumba la makala panjira osampatsa munthu china chophikira n'kungosamutsa vuto, ndipo mtengo wa thumba umangokwera. Ndondomeko ya makala ya 2017 mpaka 2027 yomwe boma linalemba imavomereza zimenezi: imakamba za gasi, za mbaula zosatha nkhuni, za makala opangidwa ndi chilolezo kuchokera ku mitengo yodzala. Zolembedwazo zikuyenda pang'onopang'ono chifukwa amene akanapindula nazo ali chete. Inu muli ndi khitchini yophikira alendo tsiku lililonse. Mukanena kuti tikufuna malo odzazira gasi odalirika pa boma ndi ku Monkey Bay, pamtengo wosadumphadumpha, mawu anu amalemera kuposa a munthu wa bungwe wochokera ku Lilongwe, chifukwa inu ndinu wogula weniweni. Chimodzimodzi mahema oumitsira usipa ndi dzuwa amene anayesedwa m'madoko ena a kuno, omwe amateteza nsomba ku fumbi, ntchentche ndi mvula yomwe imaoletsa usipa pathandala. Amagwira ntchito, koma mayi mmodzi sangamange yekha popanda ngongole yofewa.

Majumbo ndingowakhudza pang'ono. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, makampani ena anakatsutsa kukhoti, ndipo khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2019 kuti chiletsocho n'choyenera. Zaka zonse zokokanakokanazo majumbo anapitiriza kudzaza ngalande ndi magombe. Inu amene mumagulitsa kukongola kwa nyanja, mumatuma wantchito m'mawa uliwonse kukatola majumbo pamchenga alendo asanadzuke. Phindu la jumbo anadya ndi ena, ntchito yotola inagwera inu. Pamene ena ankalankhula mokweza m'dzina la amalonda onse, amalonda a m'mbali mwa nyanja sanamveke.

Musaiwalenso kuti wogula wanu ndi munthu wodalira mvula. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera n'kugumula misewu ndi milatho. Chaka chotsatira kunagwa ng'amba ya El Niño, ndipo mu March 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Mlimi akapanda kukolola, chambo chimasanduka chakudya cha pa Khirisimasi ndi pa Eid pokha. Kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anafala pambuyo pa madzi osefukira ndipo Mangochi anali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri, anachititsa alendo kuopa kubwera kunyanja. Nyanja yathu ili ndi paki ya ku Cape Maclear yomwe UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, koma mlendo sabwera kumene msewu waduka, ngakhale mbuna zitakongola chotani.

Mwati ndi nkhani za andale. Chipani n'china, ndondomeko n'china. Maboma amasintha, koma nyanja, Shire ndi mzere wa mafuta zimatsala. Ndondomeko ya kusintha kwa nyengo ya 2016, ya mphamvu ya 2018, masomphenya a Malawi 2063, zonsezi zinalembedwa kale, ndipo zina zidzalembedwa kaya inu mulipo kaya mulibe. Mu 2021 dziko lino linalonjeza pansi pa pangano la mayiko la zanyengo la ku Paris kuti lidzachepetsa utsi ndi 51 peresenti pofika 2040 poyerekeza ndi momwe zikanakhalira, ndipo gawo lalikulu la lonjezolo likudalira thandizo la ndalama lochokera kunja. Apa mpamene madandaulo anu oti olemera ndiwo anaononga amagwira ntchito. Ndalama zimene mayiko amenewo akuyenera kupereka zimatsata mapulani olembedwa, ndipo mapulani a boma la Mangochi amayambira m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, n'kukafika kukhonsolo. Ngati m'mapulanimo mulibe makina a ayezi oyendera dzuwa padoko, mulibe ngalande ndi milatho yolimba pamsewu wa ku Makanjira, ndiye kuti amene akanazitchula sanabwere kumsonkhano. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Tsono kalatayo musasayine mwachimbulimbuli, ndipo musaikanenso. Ipempheni muiwerenge. Ikakhala yongoyamikira boma ndi mawu okoma a chilengedwe, ibwezeni, chifukwa kalata zotero zimathera mu kabati. Uzani anzanuwo kuti aliyense abwere ndi chiwerengero chake cha m'kope chija, muwonkhetse pamodzi, kuti phungu ndi bwanamkubwa aone ndalama imene amalonda a dera limodzi anataya m'chaka chimodzi. Pansi pake mulembe zimene mukufuna, zochepa koma zogwirika: msonkho pa zipangizo za sola ndi gasi usabwerere, katundu wachinyengo agwidwe, zizindikiro za mzere wa nyanja zikhomedwe, ngongole za sola zifike kwa amalonda ang'onoang'ono. Mulembenso zimene inu mukulonjeza, monga kusagula nsomba nyanja itatsekedwa ndi kusiya majumbo opyapyala pamalo anu, pakuti wopempha amene waikapo kake amamveka msanga. Kalata yomweyo itumizidwenso ku MCCCI, bungwe loimira amalonda ndi mafakitale m'dziko muno, ndipo chaka chilichonse nduna ya zachuma ikamamva maganizo a anthu bajeti isanalembedwe, kapena MERA ikaitana anthu kudzakambirana za mitengo ya magetsi, pakhale mmodzi wa inu wonyamula pepala limenelo.

Chinthu chimodzi ndikupempheni, mayi. Kumsonkhano wolemba kalatayo musapite eni maloji okhaokha. Itanani amayi owamba ndi kuumitsa nsomba, a komiti ya padoko, mwini chigayo, wowotcherera zitsulo, ngakhale wogulitsa makala amene amakubweretserani thumba m'mawa. Mudzatsutsana, makamaka pa makala ndi pa nyengo yotseka nyanja, ndipo tsiku loyamba mwina simudzamaliza. Mugwirizane tsiku lachiwiri musanabalalike, ndipo musankhe munthu wosunga pepala la ziwerengero.